Monita Yakale Yasanduka Kanema wa Pabanja

M'nyumba zambiri kuno kunyanja muli monita ya kompyuta imene yangokhala pamwamba pa kabati itafunditsidwa kansalu. Ina inabwera ndi mwana wochokera ku Joni, ina inagulidwa pamodzi ndi kompyuta imene inafa kalekale. Eni ake amaiyesa yotha ntchito. Ife kwathu tili nayo ya mainchi 19, ndipo ndi imene timaonerapo kanema madzulo. Tati tikufotokozereni m'mene zimakhalira, chifukwa anansi angapo akhala akutifunsa, ndipo ena ataya kale ndalama pogula zingwe zosayenera.

Tiyambe ndi kudziwa kuti monita si wailesi yakanema. Wailesi yakanema ili ndi kachipangizo m'kati mwake kamene kamalandira zithunzi zochokera pa eriyo. Monita ilibe kameneko. Ndi galasi chabe, loonetsa chokhacho chimene mwalipatsa. Mamonita ambiri alibenso masipika ngakhale rimoti. N'chifukwa chake pamafunika kabokosi kena kamene ogulitsa amakatcha media player. N'kakang'ono kokwana m'chikhatho, kali ndi polowetsa fulashi, ndipo kamabwera ndi rimoti yake. Kameneka ndiko kamawerenga mafilimu amene ali mu fulashi n'kuwatumiza ku monita kudzera pa chingwe.

Nkhani yagona pa chingwecho. Musanapite kumsika, tembenuzani monita yanu muone kumbuyo kwake. Mukapeza polowetsa popyapyala polembedwa HDMI, mwachita mwayi, chifukwa timabokosi tambiri timatulutsira pomwepo, ndipo chingwe chimodzi chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Koma mamonita akale, monga yathuyi, ali ndi polowetsa pabuluu pa timabowo 15, potchedwa VGA. Apa pamadutsa chithunzi chokha, ndiponso VGA ndi HDMI sizimvana chilankhulo. Pakati pake pamafunika womasulira, kachipangizo kolembedwa kuti HDMI to VGA. Chenjerani, kameneka kamayendetsa zinthu mbali imodzi basi, ngati Shire amene amatuluka m'nyanja kulowera kumwera. Pali kanzake kofanana nako kolembedwa VGA to HDMI, ndipo mukagula kameneko galasi lanu lidzangokhala bii. Sankhaninso kamene kali ndi kabowo kolowetsa chingwe cha sipika. Popanda kabowoko mudzangoona anthu akugwedeza milomo. Ife timalumikiza ku wailesi yathu yomvera nkhani, imene ili ndi polowetsa polembedwa AUX, ndipo mawu amamveka mpaka kukhitchini.

Nthawi zina zonse zili bwino koma monita n'kulemba kuti Out of Range. Sikuti yafa ayi. Kabokosi kakuitumizira chithunzi chachikulu kuposa chimene ingathe kuonetsa. Mankhwala ake ndi kulumikiza kabokosiko ku TV ina, kulowa mu Settings, n'kutsitsa chithunzi kuchoka pa 1080p kufika pa 720p, ndi kusankha 60Hz m'malo mwa 50Hz. Choncho nyamulani monita yanu popita kusitolo, wogulitsa ayese zonse inu mukuona. Pogula chambo timayang'ana maso ake tisanalipire, ndiye chingwe tigulirenji m'chimbulimbuli?

Za magetsi n'zimene zinatikopa poyamba. Monita yopyapyala ya LED ya msinkhu uwu imadya mawati pafupifupi 20, kabokosi osapitirira 10, pamene TV yakale yamsana ija ya mainchi 21 imadya oposa 60. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, chaka cha 2022 chisanafike patali, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ambiri tinaphunzira kudalira batire ya sola. Batire imene imayatsa mababu athu imakwanitsanso filimu imodzi yathunthu. Werengani kapepala kamene kali kumbuyo kwa monita. Ena amalandira mavoti 12 kudzera pa adaputa, ena 19, ena amafuna magetsi a pakhoma ndipo amenewo amayenda ndi inveta. Zolumikiza ku batire musiyireni wodziwa zamagetsi.

Koma chimene taona kuti n'chachikulu pa zonsezi si mawati. Akuluakulu mukukumbukira kuti dziko lathu linalibe nyumba yake youlutsira kanema mpaka m'chaka cha 1999 pamene Television Malawi inatsegulidwa. Kale kanema ankaonedwa ku vidiyo sho, m'kanyumba kamdima pa sitolo, jenereta ikulira kuseri, ana atapanikizana pa benchi ndi ndalama imene anatumidwa kukagula mchere. Wosankha tepi anali mwini kanyumbako. TV italowa m'nyumba, wosankha anakhala munthu wina wakutali amene sitimudziwa, ndipo iyeyo satopa. Pulogalamu ikatha imabwera inzake, inzake ikatha imabwera ya zamalonda, mpaka nsima kuzizira m'mbale.

Monita ndi kabokosi kake zili ndi khalidwe lina. Filimu ikatha, yatha. Pagalasi pamangotsala mndandanda wa maina, ndipo m'nyumba mumagwa bata. Ana amayasamula, wina amakumbukira kuti sanalembe ntchito ya kusukulu, wamng'ono wagona kale pamphasa. Sitichita kukangana ndi munthu kuti azimitse. Ana akabwera kumadrasa, kudya n'kutsuka mbale, amadziwa kuti pali filimu imodzi, ndipo Loweruka ziwiri. Chimene chaonetsedwa m'nyumba muno chinalowa ndi dzanja la munthu wa m'nyumba momwemo, ndipo tikhoza kumufunsa.

Pamenepo ndi pamene pali katundu wake. Fulashi siidzaza yokha. Pa malo ochitira malonda alionse, kaya ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, pali anyamata a makompyuta amene amaika mafilimu ndi nyimbo pa mtengo wochepa. Ukangowapatsa fulashi n'kunena kuti "ikanimo zabwino", amaikamo zabwino kwa iwowo. Dzina la filimu silinena zimene zili m'kati. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja ana amawakonda kwambiri, nafenso timaseka nawo, koma womasulira wina amathira nthabwala zake zimene munthu sungamve uli pamodzi ndi apongozi. Choncho lamulo lathu ndi lakuti fulashi imapita kusitolo ndi munthu wamkulu, ndipo chatsopano chilichonse amayamba kuchiona ndi ife kapena mayi a ana, enawo atagona. N'zotopetsa, tisanamizane. Munthu wachokera kugombe thupi lonse likuwawa, n'kukhalanso pansi kuthamangitsa katuni ndi rimoti kuti uone ngati mulibe zolaula. Masiku ena timangobwereza zakale zomwe tikuzidziwa, ana n'kumang'ung'udza kuti filimu imeneyi aiona kasanu.

Chimene sitinachiyembekeze ndi cha agogo awo a ana. Maso awo anafooka, ndipo pafoni saona kanthu koma kuwala. Mphwathu amene ali ku Durban amatumiza timavidiyo ta ana ake pa WhatsApp, ndipo kwa zaka zingapo agogo ankangomva mawu, n'kumafunsa kuti kodi mwanayo wafanana ndi yani. Tsopano timavidiyoto timatisamutsira mu fulashi. Tsiku loyamba anasendeza mpando wawo pafupi ndi galasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mphumi iyi ndi ya malemu amuna anga." Anatiuza kuti tibwereze, ndipo tinabwereza kanayi. Kuyambira pamenepo vidiyo ya ukwati wa mlongo wathu, imene inangokhala mufoni, yaonedwa ndi mudzi wonse. Amayi amabwera masana kudzadziona m'mene anavalira, n'kumatsutsana kuti amene anadutsa kumbuyo uja ndi ndani.

Zotayika zilipo. Nkhani sitiziona, timazimvera pawailesi monga kale. Mpira ndiye wavuta. Tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, kapena Flames ikusewera, anyamata athu awiri aakulu sakhazikika, ndipo amathera ku vidiyo sho komwe tinkafuna kuwachotsako. Iwo afufuza kale ndipo akudziwa kuti dikoda imene ili ndi HDMI, kaya ya dishi kaya ya eriyo, ikhoza kulowa pa monita yomweyi kudzera pa kachipangizo komasulira kaja. Akunena zoona. Dikoda yakale ya zingwe zitatu, chachikasu, choyera ndi chofiira, ndiyo imafuna womasulira wamtundu wina.

Wamkuluyo wayamba kusunga ndalama za ganyu yokoka khoka kuti agule dikoda. Mayi ake akuti bola aonere pakhomo kusiyana ndi kubwera usiku akununkha fodya wa anthu ena. Ife tikuopa kuti dikoda ikalowa, kanema wosatha uja walowanso. Sitinagwirizane. Chimene tauza mnyamatayo n'chakuti monita yathu ili ndi polowetsa pamodzi pokha, ndiye wofuna mpira adzayenera kuzula kabokosi poyamba, ndipo mpira ukatha adzakabwezeretse pamalo pake. Iye wavomera msanga kwambiri, ndipo ndalama zake zatsala pang'ono kukwana.