Kwa mwana wopita kukachita PhD ku Britain



Thandizo la ndalama zophunzirira PhD, digiri imene munthu amaipeza pochita kafukufuku wakewake kwa zaka zitatu kapena zinayi, lili ndi mbali ziwiri zimene mwana wokazama pa saikoloje, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, ayenera kuzisiyanitsa asanakwere ndege. Yoyamba ndi fizi yolipira kuyunivesite, ndipo yachiwiri ndi stipend, ndalama yodyera ndi kulipirira nyumba, imene bungwe la boma la UKRI linaika pa mapaundi 20,780 m'chaka cha 2025/26. Bungweli limalola ochokera kunja kutenga malo osapitirira 30 pa 100 alionse, koma limalipira fizi pa mlingo wa nzika za dzikolo, moti yunivesite ikapanda kukhululuka yotsalayo, ngongoleyo imagwera wophunzira.

Mayi ake akulemba izi chifukwa chiyambire usiku umene azakhali ake anaimba foni akulira, tulo sakutiona. Msuweni wake uja, amene banja linamuphera mbuzi pomutsanzika, ananyamuka kukaphunzira kunja osawerenga bwino kalata yake ya thandizo la ndalama, ndipo ngongole itamupana m'chaka chachiwiri anayamba kugwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba, kupitirira maola 20 pamlungu amene viza ya wophunzira imalola. Kafukufuku anaima, viza inatha, ndipo lero amangokhala pakhonde, foni ili chafufumimba, osayankha ngakhale moni wa ana.

Mwanayo azimvera supavaiza, mphunzitsi wotsogolera kafukufuku wake, agule jekete yochindikala ndipo asaleke kupemphera. Kumudzi chimanga chalowa m'nkhokwe, agogo bondo likuwavutabe.

Koma nkhani ya msuweni siikuchoka mumtima, pakuti chimene chinamugwetsa kwenikweni chinali manyazi: ankatumizabe ndalama kumudzi pamene iye ankagona ndi njala, kuopa kuti anthu angamuseke. Mayi ake akukumbukira mmene iwonso ali mtsikana kukoleji ya uphunzitsi anabisira makolo awo kuti sopo watha, nachapa ndi madzi okha mwezi wathunthu, ndipo akudziwa kuti mwana wawoyu anatengera mtima womwewo wosadandaula, umene amamukondera ndiponso kumuopera. Kuwerenga mabuku a matenda a maganizo sikuteteza munthu ku matendawo, makamaka m'dziko limene mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana.

Choncho mayi ake akumugwira mwendo kuti asanasaine chilichonse, afunse yunivesite ndipo imuyankhe molemba ngati fizi yonse ya mlendo yalipiridwa, komanso kuti stipend idzatha mwezi uti ndi chaka chiti. Asatumize ndalama kumudzi m'chaka choyamba, ngakhale wina atapempha. Chonde, aziimba foni Lamulungu lililonse, ndipo zinthu zikadzavuta anene tsiku lomwelo, asadikire kuti mayi ake adzamve kwa azakhali.

Mayi ake