Nkhosa zathu si zometa, koma thonje lilipo



Sabata yatha mwana wa achemwali anga wa ku Area 25 anaimba foni. Akuti, "Amalume, mundimetere nkhosa zanu, ndikufuna ubweya ndipote ulusi wolukira zipewa." Ndinaseka mpaka misozi. Nkhosa zathu za ku Nkhotakota ndi za mchira wamafuta zija, ubweya wake waufupi, wouma ngati wa mbuzi. Umete chiyani pamenepo? Za ubweya wambiri zija zimawetedwa kozizira monga ku Lesotho.

Amayi anga amamvetsera ali pakhonde. Anati, "Umuuze abwere. Ife sitinkapota nkhosa, tinkapota thonje." Ine zaka zonsezi thonje ndimangolima n'kukagulitsa, sindinawafunsepo. Manyazi anandigwira ndithu.

Mwamwayi ndinali ndi kathumba kotsala. Ndinati ndikalichape kaye kunyanja poti ubweya wa nkhosa amautsuka mafuta. Amayi anakalipa: "Iwe, thonje salinyowetsa, limagwirana!" Tinangoliyanika pamphasa mame atatha, n'kumatola zinyalala za masamba chimodzichimodzi. Kenako njere. Apa ndiye pali ntchito abale. Umagwira kanjere n'kumakoka ubweya wake pang'onopang'ono, ukachita phuma umadula. Tinayamba dzuwa lili pamutu, pofika madzulo loyera linali losadzaza n'komwe lichero, njere mbale yonse. Paja kulemera kwa thonje, pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi njere zokhazokha.

Mawa lake anandipangitsa kauta kakang'ono ka nsungwi. Umaika chingwe chake pathonje n'kumachidodola ngati ukuimba bangwe, thonje limafufuma n'kukhala lofewa, lopanda mfundo. Ukatero umalikulunga timipukutu tonga chala, basi layenera kupota.

Atati "Ndipatseni njinga", mdzukulu wanga anathamanga kukatulutsa njinga yanga yakapalasa! Eti njinga yomwe amanena iwo ndi kamtengo kopotera thonje. Yawo inapsera m'nyumba kalekale. Ndasema ina, ndaboola phale kuti izilemera, koma ikuyenda mopepeluka ndipo ulusi ukungoduka. Amayi akuti vuto si thonje, ndi mmisiri.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti maso awo agwa ng'ala, akungoyendera zala, ndipo m'mudzi muno sindikudziwa wina amene anapotapo. Tonse tinazolowera kaunjika ndi ulusi wamugolosale.

Ndiye ndikupempha, a ku Benga, a ku Mwansambo, a ku Mtosa, amene kwanu kunatsala njinga yakale yopotera, ngakhale yothyoka, mundibwereke ndionereko kasemedwe kake. Ndidzabweza ndi nsomba pamwamba.

Ndipo iwe wa ku Area 25, agogo ako akuti ubwere mvula isanagwe, chinyezi chikalowa m'nyumba thonje silifufuma. Thiransipoti yobwerera ndikupatsa ine.