Mutu Ukawawa, Tiziwerenga Zimene Tikumeza

Ife a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Mangochi, kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, timadziwana bwino ndi ululu. Alovi amachezera usiku wonse kukoka chilimira pansi pa kuwala kwa nyali, amayi amakhala padzuwa kuyanika usipa pathandala, ndipo madzulo akafika mutu uli waa, msana uli gwa. Chotero m'nyumba zathu zambiri simusowa mankhwala oletsa ululu: mapiritsi a ku golosale, botolo la mankhwala amadzi la ku famase, kapena timapaketi ta ufa wa Grand-Pa timene abale athu amabwera nato kuchokera ku Johannesburg. Timawagula popanda kalata ya dokotala, ndipo n'chifukwa chake timawayesa opanda vuto ngati mchere wa m'ndiwo.

Ena mwa mankhwalawa ali ndi kafeini, chinthu chomwe chija chimapezeka mu tiyi ndi khofi. Opanga amamuikamo chifukwa amathandizira paracetamol ndi aspirin kugwira ntchito mwamphamvuko pang'ono. Piritsi limodzi la Panadol Extra lili ndi 500 mg ya paracetamol ndi 65 mg ya kafeini, ndipo paketi ya Grand-Pa ili ndi kafeini wochuluka chimodzimodzi, pamodzi ndi aspirin ndi paracetamol. Koma kafeini ali ndi ntchito inanso: amathamangitsa tulo ndi kubisa kutopa. Apa ndi pamene pali msampha. Munthu amayamba kumwa chifukwa mutu ukuwawa, kenaka amamwa kuti apeze mphamvu zopitira panyanja, ndipo pomaliza amamwa chifukwa akapanda kutero thupi silikhazikika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madokotala amaudziwa mutu umene umayamba chifukwa cha mankhwala a mutu omwewo. Munthu akamamwa mankhwala osakaniza otere masiku 10 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi yoposa itatu, mutu ukhoza kuyamba kumuwawa pafupipafupi kuposa kale. Iye amaganiza kuti matenda akula, nawonjezera mankhwala, osadziwa kuti akuthira mafuta pamoto.

Mwezi wa Ramadhani umaulula zimenezi poyera. Thupi lozolowera kafeini likamusowa kwa maola 12 mpaka 24, mutu umayamba kugunda. Kusala kwathu kuno kumatenga maola oposa 12, choncho nthawi ya swala ya Asr ambiri timakhala titagwira pachipumi, makamaka masiku oyamba. Njala, ludzu ndi kuchepa kwa tulo zimawonjezerapo. Ena pofuna kuupewa mutuwo amameza mankhwala pa daku asanamve ululu uliwonse, ena amafuturu ndi ufa wa mutu asanalawe n'komwe phala. Aspirin wofikira m'mimba mopanda kanthu amapala khoma la chifu, ndipo kwa munthu wa zilonda za m'mimba akhoza kuyambitsa kutaya magazi. Kafeini womwedwa usiku amachedwa kutuluka, pakuti pakapita maola pafupifupi asanu theka lake limakhala likadali m'magazi. Tulo tochepa ta pakati pa Taraweh ndi daku timasokonekera, ndipo m'mawa mwake mutu umabweranso.

Njira yanzeru ndi kuyamba kuchepetsa tiyi wamphamvu, khofi ndi mankhwala otere pang'onopang'ono m'mwezi wa Shabani, kumwa madzi okwanira pakati pa futari ndi daku, ndi kumeza mankhwala pokhapokha titadya. Ndipo amene akudwaladi akumbukire kuti Qur'an, mu Surah Al-Baqarah, inampatsa wodwala chilolezo chomasula ndi kudzabweza masikuwo akachira. Shehe ndi dokotala onse awiri ali ndi mawu pa nkhaniyi.

Mankhwala amadzi amafuna chisamaliro chapadera. Piritsi limawerengeka, koma botolo limanyenga. Kupapira pakamwa pa botolo, kapena kuyeza ndi supuni ya kukhitchini, n'kumwa mwakhungu, pakuti masupuni athu amasiyana kukula. Kakapu kapena kasupuni kamene kamabwera ndi botolo kali ndi mizere ya mamililita, ndipo ndiko koyenera kugwiritsa ntchito. Tiwerengenso pepala la pabotolo, chifukwa mankhwala ena amadzi amasungunulidwa mu alcohol, ndipo Msilamu ali ndi ufulu wofunsa wa ku famase ngati alipo ena opanda chinthucho.

Pali ziwerengero zochepa zoyenera kuzisunga pamtima monga timasungira nthawi za swala. Munthu wamkulu asapyole 4,000 mg ya paracetamol pa maola 24, ndipo pakati pa kumwa ndi kumwanso padutse maola osachepera anayi. Kupyola apo chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, munthu akuyenda bwinobwino, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masiku. Paracetamol yemweyo amapezekanso m'mankhwala ambiri a chimfine, kotero womwa mitundu iwiri nthawi imodzi amawirikiza muyeso osazindikira. Kafeini naye amawerengedwa pamodzi: wa m'mankhwala, wa mu tiyi, wa mu khofi ndi wa m'zakumwa zopatsa mphamvu zimene anyamata athu amazikonda. Kwa wamkulu wathanzi malire ake ndi pafupifupi 400 mg pa tsiku, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi bwino kusapyola 200 mg. Mtima ukayamba kuthamanga, manja kunjenjemera, tulo kusowa, thupi likutiuza kuti tapyola.

Ana athu tisawagawireko mankhwala a akuluakulu. Aspirin sayenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16 popanda dokotala, chifukwa angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo, ndipo mankhwala okhala ndi kafeini sanapangidwire ana aang'ono. Amayi oyembekezera, odwala kuthamanga kwa magazi ndi a mphumu ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo kuno kunyanja, kumene udzudzu sutha, mutu wobwera ndi kutentha thupi ukhale woyezetsa malungo tsiku lomwelo. Mankhwala oletsa ululu amatsitsa kutentha, koma tizirombo timapitiriza kuswana m'magazi.

Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa mmene tinaisamalira. Munthu wosungitsidwa ndalama za mnzake amaziwerenga mosamala, saziyeza ndi maso. Chiwindi, chifu ndi impso zathu n'zoposa ndalama. Ululu ukapitirira masiku atatu, kapena tikaona kuti paketi yatsopano ikugulidwa sabata iliyonse, nthawi yakwana yoti tipite kukaonana ndi achipatala kuti afufuze chimene chikuyambitsa ululuwo. Allah atipatse thanzi ndi nzeru zolisamalira.