Akakwera basi ya ku yunivesite, ndani amawafunsa kuti adzuka bwanji?

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, pasukulu pano timanyadira, kumzikiti timachita duwa yothokoza. Mwanayo akangokwera basi ya ku Zomba, Thyolo, Bunda kapena Mzuzu, ambirife timayesa kuti ntchito yathu yatha. Koma ine amene ndinawaphunzitsa Fomu 4 ndimalandira mafoni awo, kawirikawiri usiku, ndipo nkhani yake sikhala ya mabuku.

Kuno mwana amadziwika dzina, ngakhale la agogo ake. Uko amakhala m'holo ya anthu mazana, mphunzitsi akuthamanga ndi Chingerezi. Akafunsa funso ena n'kuseka katchulidwe kake, safunsanso.

Mnyamata wina anandiuza kuti gulu lake lochitira limodzi ntchito ya m'kalasi linkakumana Lachisanu masana, nthawi ya swala ya Ijumaa. Anachita manyazi kunena, ankangosowa. Anzake anamutenga ngati waulesi, n'kuchotsa dzina lake pa ntchitoyo. Tulo tinamuthawa, nsima anasiya kuimva kukoma, ndipo kwawo ankangoti "zonse zili bwino" poopa kukhumudwitsa bambo ake amene anagulitsa mbuzi kuti apeze fizi. Anamuthandiza ndi mnzake wa Chikhristu, amene anamufunsa chomwe amasowera, kenako anauza gulu kuti lizikumana Loweruka. Zinangotengera funso limodzi basi, ndipo zimandiwawa kuti panadutsa miyezi lisanafunsidwe.

Makolo anzanga, mwana akanena kuti sakugona kapena kuti moyo wamutopetsa, tisathamangire kumuuza kuti imani yake yachepa. Wodwala malungo timamuchitira duwa, komanso timapita naye kuchipatala. Nkhawa yosatha nayo ili ndi madokotala ake, monga ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu, ndipo pa yunivesite mwana angayambire ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Inu ana a pano, mnzanu akaphonya Chingerezi m'kalasi, musamuseke. Mawa m'holomo mudzakhala inuyo.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti ndili ndi pempho. Mwana aliyense amene tatumiza ku yunivesite akhale ndi wamkulu mmodzi womuimbira foni kamodzi pamwezi, makamaka mayeso akagwera m'Ramadhani, osati kumufunsa magiredi, koma ngati wapeza futari ndiponso amene akudya naye. Manambala awo ndili nawo.