Linga la pa Darling Street

Mawu akuti linga sitiwatchula kawirikawiri masiku ano, koma agogo athu ankawadziwa bwino. Linga linali mpanda wolimba, wamitengo kapena wadothi, umene anthu ankamanga kuzungulira mudzi pa nthawi ya nkhondo. Ku Nkhotakota mpaka lero kuli dera lotchedwa Linga, ndipo n'kumeneko kumene a Jumbe ankasonkhanitsira akapolo asanawaolotse nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. Ku Mulanje, pampata wa pakati pa phiri lalikulu ndi Mchese, kuli mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi adamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula anthu. Choncho Mmalawi akamva za linga amayamba wafunsa kuti mwini wake ankaopa yani, nanga m'katimo ankasungamo chiyani.

Linga la ku Cape Town, lomwe limatchedwa Castle of Good Hope, ife ogwira ntchito mumzindamu timalidutsa tsiku ndi tsiku. Lili pa Darling Street, pafupi ndi siteshoni ya sitima ndi bwalo la Grand Parade pamene anthu amagulitsa zovala ndi zakudya. M'mawa timalidutsa tikuthamangira ntchito, madzulo timalidutsa tikuthamangira minibasi kusanade. Amalawi ambiri amene ndimawadziwa, a ku Capricorn, a ku Dunoon, a ku Imizamo Yethu, atha zaka khumi muno osalowamo. Amati malo otere ndi a alendo okoleka makamera m'khosi, ndipo ndalama ya tikiti ndi bwino ikagule ufa.

Chimene chidandilowetsa ine ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 12 amene adabadwira konkuno. Kusukulu adawapatsa ntchito yolemba mbiri ya malo amodzi akale a mumzindawu. Mayi ake amagwira ntchito Loweruka, ndiye udindo udagwera ine amalume ake. Mnyamatayu Chichewa amachimva chonse, koma tikakhala mu minibasi amandiyankha m'Chingerezi, motsitsa mawu. Anzake adamutchulapo dzina lija timatchulidwa alendo tonse, lakuti kwerekwere, ndipo kuchokera pamenepo amasamala kuti pakamwa pake pasamuulule.

Wotitsogolera anali mayi wachikulire wa konkuno, wolankhula mosathamanga. Adatisonkhanitsa pabwalo la m'kati, anthu pafupifupi khumi ndi asanu, n'kutifunsa kumene tachokera. Panali a ku Germany, a ku Spain, a ku Gauteng. Nditanena kuti Malawi, mphwanga adayang'ana pansi.

Mayiyo adayamba ndi zaka. Jan van Riebeeck adafika mu 1652, atatumidwa ndi kampani ya Adatchi yochita malonda ku maiko a kum'mawa, imene amaifupikitsa kuti VOC. Ntchito yake inali yokhazikitsa malo oti sitima zapamadzi zizitungirapo madzi ndi kugulirapo nyama ndi ndiwo zamasamba. Linga lake loyamba linali ladothi ndi mitengo, ndipo mvula ya kuno inkaligumula. Pa 2 January 1666, m'nthawi ya Zacharias Wagenaer, adayala mwala woyamba wa linga lamiyala limene tidaimamoli, ndipo ntchito idatha mu 1679. Adalimanga asilikali, amalinyero ndi akapolo. Miyala ina adaiphwanya ku Signal Hill, ina adaitenga ku Robben Island, komwenso ankatola zigoba za m'nyanja zowotchera laimu.

Lingali lili ndi nsonga zisanu ngati nyenyezi, ndipo nsonga iliyonse ili ndi dzina: Leerdam, Buuren, Katzenellenbogen, Nassau ndi Oranje, maina aulemu a kalonga wawo Willem wa ku Orange. Adalimanga chotero kuti mdani akafika pakhoma lililonse, mizinga ya pansonga yoyandikana nayo imupeze. Mdani amene ankamuopa kwambiri anali Azungu anzawo, Angerezi ndi Afalansa, obwera panyanja. Nthawi imeneyo mafunde ankafika pakhoma penipeni, mwakuti chipata choyamba, chomwe chidayang'ana kunyanja, adachitseka n'kutsegula china chimene timalowera leroli. Pamwamba pa chipatacho pali belu limene adalisula ku Amsterdam mu 1697. Lero nyanja ili patali ndithu, chifukwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 adaikwirira n'kumangapo misewu ndi nyumba zosanja.

Bambo wa ku Spain uja adatiuza kuti kwawo ku Granada kuli Alhambra, linga lomwe lilinso nyumba yachifumu, limene adamanga mafumu achisilamu a banja la Nasrid. Asilamu adaoloka kuchokera kumpoto kwa Africa kulowa m'dziko lawolo mu 711, ndipo ufumu wawo womaliza udagwa mu 1492 pamene Granada idaperekedwa kwa Ferdinand ndi Isabella. Adati kumeneko alendo amapita kukaona makoma ogoba maluwa ndi malemba, ndi madzi oyenda m'timigula pakati pa nyumba. Wotitsogolera adaseka n'kunena kuti kuno adamanga amalonda, ndipo wamalonda sawononga ndalama pa zokongoletsa. Komabe pakati pa bwalo pali khonde lokongola lotchedwa De Kat, lokhala ndi zosemasema za Anton Anreith. Pakhonde limeneli ndi pamene ankawerengera malamulo ndi zigamulo kwa asilikali, nzika ndi akapolo. Kuseri kwake kuli zipinda za bwanamkubwa, momwe muli mipando, mbale ndi zithunzi zakale zimene adasonkhanitsa William Fehr. Mphwanga ankalemba zonsezi m'kope mwake, koma nkhope yake inali ya munthu amene akukopera za eni.

Kenaka tidalowa m'malo otchedwa Donker Gat, kutanthauza dzenje lamdima. Ndi chipinda chopanda zenera, chamiyala yozizira, chokhala ndi chitseko chochindikala. Mayiyo adafotokoza kuti lamulo la Adatchi silinkalola kunyonga munthu asanavomere mlandu ndi pakamwa pake, choncho pafupi pomwepo panali chipinda chozunzira anthu mpaka avomere. Adatipempha kuti tizimitse mafoni, n'kutseka chitseko. Mdima wake ndi woti dzanja lako lomwe sulionanso. Palibe adalankhula. Ndidangomva dzanja laling'ono likugwira malaya anga, ndipo mumdimamo mphwanga adandinong'oneza m'Chichewa chosasakaniza: "Amalume, athu analimo muno?"

Titatuluka ndidapereka funsolo kwa mayi uja. Adayamba watiuza za iye mwini, kuti agogo ake aakazi dzina lawo la makolo linali la mwezi, monga alili maina a September, April ndi January amene ali ponseponse ku Cape Flats. Kapolo akatsika m'sitima, womugula ankamupatsa dzina latsopano, la mwezi, la m'Baibulo kapena lina lililonse limene lamufikira, n'kuwonjezera doko limene wachokera. Akatswiri a mbiri amati pakati pa 1652 ndi 1808 adabweretsa akapolo pafupifupi 63,000 ku Cape, ochokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi kumtunda kwa Africa. Amene adamanga makoma tidaonawo anali a magulu oyambirira. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, sitima zambiri zidayamba kubwera ndi anthu ochokera ku madoko a Mozambique. Anthu amenewo kuno ankawatcha Masbieker.

Apa mpamene ine ndidayamba kumufotokozera mphwanga zimene ndikudziwa za kwathu. Madoko a Quelimane ndi chilumba cha Mozambique anali pothera njira zochokera kumtunda, ku Zambezi, ku Shire ndi kunyanja yathu. Amene ankagulitsidwa kumeneko anali Amakua, Ayao, Asena ndi Amaravi. Kalaliki wa ku Cape sankafunsa mtundu kapena mfunda. Ankangolemba kuti wakutiwakuti wa ku Mozambique, basi. Munthu amene adachoka kwawo ali Phiri kapena Banda adakalamba kuno ali September, ndipo zidzukulu zake lero zimalankhula Chiafirikanzi.

Mayiyo adawonjezera nkhani ya sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José. Idanyamuka pachilumba cha Mozambique mu December 1794 ndi akapolo pafupifupi 500, kulowera ku Brazil, ndipo pa 27 December idaomba miyala pafupi ndi Clifton. Anthu oposa 200 adamira. Amene adapulumuka adawagulitsa konkuno. Zotsalira za sitimayo adazilengeza kudziko mu 2015. Clifton ndi kumene Amalawi ambiri amatchetcha kapinga ndi kukolopa m'nyumba za anthu olemera, ndipo mayi ake a mphwanga adagwirako ntchito. Ukapolo udathetsedwa pa 1 December 1834, koma anthuwo adawakakamiza kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838.

Sindidamuuze mwanayo kuti agogo ake enieni adagona mu Donker Gat, chifukwa mbiri simangidwa ndi zimene mtima ukufuna. Ndidamuuza kuti anthu a m'dera lathu la Africa adafika mumzinda uno zaka zoposa 200 zapitazo atamangidwa maunyolo, adalima minda ya mphesa ndi tirigu, adanyamula katundu padoko, ndipo magazi awo ali mwa anthu ambiri amene lero amati ndi eni mzinda. Ndidamuuzanso mbali yowawa, yakuti amene ankagwira anthu m'midzi n'kuwayendetsa mpaka kudoko kawirikawiri anali akuda anzawo. Mwana wa zaka 12 akhoza kusenza zonse ziwiri.

Pabwalo, moyang'anizana ndi khonde lija, pali ziboliboli zinayi zimene adaziimika mu 2016: Doman, mtsogoleri wa Akhoi amene adamenyana ndi Adatchi mu 1659 polimbirana malo odyetsera ng'ombe, Langalibalele wa Ahlubi, Sekhukhune wa Apedi, ndi Cetshwayo wa Azulu. M'chaka chomwecho adakumbukiranso Krotoa, mayi wachikhoi amene ankamasulira pakati pa anthu ake ndi Adatchi, yemwe adamwalira ku Robben Island mu 1674. Cetshwayo adasungidwa m'linga lino Angerezi atamugonjetsa mu 1879, ndipo mu 1882 adapita ku London kukaonana ndi Mfumukazi Victoria.

Ife kwathu ndi ku Ntcheu, ndiye pa chiboliboli cha Cetshwayo ndidaimapo nthawi. Bambo ake, Mpande, anali m'bale wake wa Shaka, ndipo nkhondo za m'nthawi ya Shaka n'zimene zidachotsa makolo athu Angoni kum'mwera kuno mpaka kukaoloka Zambezi. Banja limene makolo athu adalithawa ndi lomwe mwana wake adadzatsekeredwa m'chipinda muno. Patangopita zaka 17, mu 1896, asilikali a atsamunda omwewo adapha Inkosi Gomani Chikuse kwathu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndidamuuza mphwanga kuti amene amamutcha mlendo akunena zoona pa nkhani ya mapepala, koma pa nkhani ya mbiri, makolo ake adachokera kuno, n'kukakhala kumpoto, ndipo iye wabadwiranso kuno.

Tikutuluka pachipata, mzinga wa ku Signal Hill udalira kusonyeza kuti yakwana 12 koloko, ndipo nkhunda za pa Grand Parade zidauluka. Kutsogolo kwathu kunali City Hall, pomwe Nelson Mandela adalankhulira khamu pa 11 February 1990, tsiku limene adatuluka m'ndende. Zimenezo mphwanga adaphunzira kale kusukulu. Chimene sadaphunzire ndi cha msewu umene tidapondawo. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene adaphunzira ku Livingstonia, adafika ku Cape Town mu 1918. M'buku la moyo wake adalemba kuti tsiku lina akuyenda ndi anzake pa Darling Street, wapolisi wachizungu adamukankha kumuchotsa m'mbali mwa msewu. Mu January 1919 adayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko, mu December chaka chomwecho adatsogolera sitalaka ya padokopo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 bungwelo lidakula kuposa gulu lina lililonse la anthu akuda m'dziko lino. Mphwanga adandifunsa kawiri ngati munthuyo analidi Mmalawi, n'kundipempha kuti ndimutchulire kalembedwe ka dzinalo.

Ulendo wa ola limodzi sungachotse mantha amene mwana watolera kwa zaka. Lolemba adakweranso minibasi yomweyo, ndi anthu omwewo, ndipo mawu aja akadalipo m'misewu. Koma funso limene adafunsa mumdima lija lidandisonyeza ntchito imene ife akuluakulu tili nayo. Timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, timasonkherana kuti maliro akagone kwawo, koma ana obadwira kuno tikuwalera osadziwa maina a anthu amene adawabala. Masbieker adalandidwa maina ndi cholembera cha kalaliki. Athuwa akhoza kuwataya chifukwa choti ife timafika kunyumba titatopa.

Madzulo a tsikulo tidaimbira foni agogo ake ku Ntcheu. Ndidamupatsa foniyo kuti afunse yekha. Adayamba mwamanyazi, "Agogo, mwaswera bwanji?" ndipo mayi anga, atamva chimene mdzukulu wawo akufuna, adayamba kutchula: bambo awo, agogo awo, mfunda wa uku ndi wa uku, mudzi umene adachoka ndi chifukwa chimene adachokera. Adafika mibadwo inayi mayunitsi asanathe. Mnyamatayo adalemba maina onsewo kumapeto kwa kope lake, pansi pa maina asanu a nsonga za linga, ndipo awiri amene sadawamve bwino tidagwirizana kuti tidzawafunsenso Lamulungu.