Phazi la achimwene

Achimwene atatisiya, zovala tinagawana, foni inapita kwa alamu, ndipo ine ndinatsala ndi Mazda Roadster ya 1999, ija ena amaitchula MX-5. Ndi kagalimoto ka mipando iwiri, kakafupi moti hampu iliyonse mu Blantyre muno imakakanda pamimba. Amayi ankati ndi galimoto ya munthu wodzikonda: "Ungatengemo ndani popita ku maliro?"

Vuto ndinalimva ku Zomba, ndikukwera msewu wa ku Chawe. Ndili pa giya 3, ndikaponda mafuta injini inkangokuwa koma liwiro ayi ndithu. Kenako kunabwera fungo la chinthu chopsa. Klatchi inali itatha, ndipo woitha ndinkamudziwa. Achimwene ankayendetsa phazi lamanzere atalitsamiritsa pa klatchi, ngati akuopa kuti ithawa.

Mtengo umene anandiuza ku galaja unaposa malipiro anga a mwezi. Ndiye ndinangogula zida: disc, pressure plate, release bearing ndi pilot bearing. Loweruka m'mawa malume, amene akhala akukonza malole moyo wawo wonse, anafika pakhomo ndi ma axle stand anayi.

"Mphwanga, jeke ntchito yake ndi kukweza basi," anatero. "Ukalowa pansi galimoto ili pa jeke yokha, mayi ako alira kawiri."

Tinayamba ndi kumasula batire, imene pa galimotoyi imakhala ku buti. Tinachotsa ndodo ya giya mkati, kenako pansi tinachotsa ekizozi, propshaft, sitata, slave cylinder ndi chitsulo chachitali chimene chimalumikiza giyabokosi ndi difu. Posolola propshaft oyilo ananditsikira m'khutu, malume kufa nako kuseka. Mabawuti apamwamba, pamene giyabokosi imagwirana ndi injini, saoneka n'komwe. Umalumikiza ma extension angapo n'kumafufuza ngati wakhungu. Digiri yanga apa inali ziii.

Dzuwa likupendeka giyabokosi inatsika. Nditamasula mabawuti 6 a pressure plate, disc yakale inagwera m'manja mwanga. Inali itaperepeseka mpaka ma rivet akunyezimira.

Ndinakhala nayo kanthawi ndili gone pa katoni. Galimoto imeneyi ndi imene ndinaphunzirira kuyendetsa. Klatchi yake inkagwira pamwamba penipeni, ndipo achimwene ankati, "Kweza, kweza, usaope, igwira." Ine ndinkayesa ndi mmene galimotoyi inapangidwira. Ayi, linali phazi lawo limene linkadya disc pang'onopang'ono, ulendo uliwonse, zaka zonse zija. Malaya awo tinachapa, fungo linachoka kalekale. Chinthu chokha chimene chinali chikadali ndi chizolowezi chawo ndi ichi ndinali nditangochimasula ndi sipanala.

Malume anandiyang'ana, osafunsa kanthu. Anangoti, "Tisiyire pomwepa, mawa ndi tsiku."

Lamulungu titachoka ku tchalitchi tinapukuta flywheel ndi kusintha ma bearing onse awiri. Disc ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, ukaitembenuza ndiye kuti ntchito yonse uyambiranso. Tinaiika pakati ndi kachida kapulasitiki kaja, n'kumanga mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono. Kubwezera giyabokosi kunatitengera pafupifupi ola, tikuigwedeza ndi manja ndi mawondo, mpaka inangoti khutyu, yalowa.

Poyesa, galimoto inandizimira kawiri ndisanatuluke pageti. Klatchi yatsopano imagwira pansi, phazi lisanakwere n'komwe. Ndinamva ngati ndabwereka galimoto ya munthu wina.

Tikutsika cha ku Ginnery Corner, malume anandimenya pa bondo.

"Chotsa phazi pamenepo, iwe! Ukufuna tilowenso pansi chaka chamawa?"

Ndinayang'ana. Phazi langa lamanzere linali litatsamira pa klatchi, ndendende mmene ankachitira achimwene. Ndinalichotsa, koma pofika ku Chichiri linali litabwereranso.

Disc yakale ija sindinaitaye. Ili pa msomali kuchipinda kwanga, ndipo amayi akaiona amangopukusa mutu.