Simenti Isanaphwe Ukali, Nsomba Isalowe

Masiku ano kuno kwa Jenala aliyense amene wagula levulo pa msika wa Migowi akudzitcha womanga mathanki a nsomba. Akuzungulira m'midzi kulonjeza anthu kuti akayamba Lolemba, pofika Lachinayi nsomba zikhala zitalowa, pa mtengo wa theka la wanga. Zimandiwawa chifukwa ndimadziwa chotsatira chake. Sabata isanathe mwini thanki amadzuka n'kupeza makumba onse atagadama, mimba zili mbee pamwamba pa madzi. Kenaka mbiri imabuka yoti kusunga nsomba m'thanki n'kutaya ndalama, ena n'kumaloza chala mnansi kuti wathiramo mankhwala usiku. Mnansiyo alibe mlandu. Nsombazo zaphedwa ndi simenti yaiwisi komanso madzi amene womangayo sanawalawe n'komwe.

Amene ndimawamangira ambiri ndi ogula milamba yamoyo ku madoko monga Swang'oma, ofuna kuisunga kufikira mtengo utakoma, makamaka nyengo imene boma limatseka nyanja ya Chilwa kuti nsomba ziswane. Ena ndi alimi ofuna kulera tiana ta makumba asanatiponye m'damu. Zokumba maziko, kuyala njerwa zootcha ndi kuongola khoma sinditaya nazo nthawi, mmisiri aliyense amazidziwa. Ndingonena kuti dothi lathu lamakande limafufuma ndi mvula n'kung'aluka ndi dzuwa, choncho thanki yopanda konkire wa waya pansi imatsatira dothilo n'kung'aluka nayonso. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, ambiri anaziona okha.

Ntchito yeniyeni ili pa madzi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo. Phalombe ndi Sombani amatsira madzi a ku phiri la Mulanje, Likangala ndi Domasi amabweretsa a ku Zomba, koma onsewo amachoka ndi dzuwa lokha, mchere n'kutsalira. N'chifukwa chake madzi ake sali ngati a Nyanja ya Malawi, ndiponso sali ngati a m'nyanja yaikulu ya ku Mozambique: ali pakatikati, ndipo mchere wake ndi wosakanikirana ndi soda. Sakhalanso chimodzimodzi chaka chonse. Mu February pafupi ndi mathiriro a mitsinje amakhala opepuka pakamwa, pofika October, nyanja itabwerera m'mbuyo, amaluma lilime. Mijigo yathunso ndi yosiyana. Wina madzi ake ndi okoma, wina wa mudzi woyandikana nawo ndi wamchere woti sopo sachita thovu ndipo tiyi sakoma. Munthu wosaganizira zimenezi amatenga nsomba imene m'mawa inali m'madzi a October n'kuiponya masana m'madzi ozizira a pa mjigo, ongopopa kumene, opanda mpweya wokwanira. Mlamba ungapirire, poti umatha kukwera pamwamba n'kumeza mpweya. Makumba sapirira.

Zonsezi ndinaphunzira kwa atsibweni anga, alongo awo a mayi, amene anakulira pa ntchito yomanga ngalande ndi mathanki a madzi m'maesiteti a tiyi ku Mulanje. Ananditenga ndili mnyamata wosamera ndevu kuti ndikhale dakaboyi wawo, ndipo kwa nthawi yaitali chida changa chinali fosholo ndi wilibala basi. Anali munthu wosalankhulalankhula. Daka ikakhala yolakwika sankakalipa, ankangoitapa, kuiyang'ana, n'kuibweza mu wilibala momwemo, iwe udziwe wekha chochita. Mchenga ankausankha ndi khutu. Ankaufinya m'dzanja pafupi ndi khutu, ukalira kuti tsekeretseke ndiye wabwino, ukakhala chete ndiye kuti uli ndi dothi, ubwerere kumene wachokera. Ngolo yathunthu ankatha kuibweza, mwini ng'ombe akudandaula.

Chaka cha 1995 nyanja itauma, anthu akuyenda pansi mpaka pa chilumba cha Chisi, ndi pamene ndinawaona mtima wawo. Iwo anali ataonapo kale chilala chotere mu 1968, ndipo ankadziwa kuti nsomba zotsala zimabisala m'maiwe a m'mitsinje. Anthu ankakokolola maiwewo ndi maukonde, koma iwo anamanga kathanki kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, n'kusungamo milamba ndi makumba ochepa amene anagula amoyo. Sanadyepo ngakhale imodzi, ngakhale ndiwo zinali zosowa kwambiri. Azakhali ankang'ung'udza, iwo n'kumangoti, "Zimenezi ndi mbewu." Madzi atabwerera anazinyamula m'ndowa panjinga kukazitaya mu mtsinje wa Phalombe. Ndinkapalasa ndine, iwo akuyenda pambali atagwira ndowa kuti isakhuthuke. Mu 2018 nyanja itaumanso anali atatisiya kale, ndipo ndinawakumbuka kwambiri.

Ndi iwowo amene anandiphunzitsa kuphwetsa ukali wa simenti, gawo limene anzathu othamangawa amalidumpha. Pulasitala wa m'kati ndimasakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi itatu ya mchenga wa mumtsinje wosefa bwino, ndipo m'makona ndimazunguliza kuti musakhale mobisala nyansi kapena mokhulira nsomba. Pansi pamatsetserekera ku paipi yotulutsira madzi. Ndikamaliza ndimavundikira masaka onyowa, kuthirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, kuti pulasitala aume pang'onopang'ono osachita ming'alu. Apa n'pamene ambiri amati ntchito yatha, chonsecho yangoyamba kumene.

Simenti yatsopano imatulutsa laimu m'madzi. Laimuyo amaotcha khungu la nsomba ndi mopumira mwake, ndipo maso sangamuone chifukwa madzi amakhala oyera bwinobwino. Ndiye thanki ndimaidzaza mpaka pakamwa, n'kuduladula mitengo ya nthochi yokolola kale n'kuponyamo, kuti iwolere momwemo. Pakatha sabata madzi amada, amanunkha, pamwamba pamayandama kachikungu koyera. Ndimatsegula paipi, kukwecha makoma ndi burashi yolimba popanda sopo, n'kudzazanso. Atsibweni ankandigwira dzanja n'kuliviika m'madzimo. "Tikita zala, mwanawe. Ukumva chiyani?" Madzi a laimu amaterera ngati therere, ndipo ukatulutsa dzanja khungu limauma n'kuthina. Akamatero, bwereza. Masiku ano kuli timapepala toyezera timene alangizi a za nsomba amayenda nato, tosintha mtundu tikaviikidwa, ndipo ndi tabwino, koma zala zimene zinazolowera sizinama. Chovuta kuno n'chakuti madzi a Chilwa nawonso amaterera pang'ono chifukwa cha soda uja, choncho poyesa ndimagwiritsa ntchito madzi okoma, kuti ndidziwe kuti kutererako kukuchokera ku khoma. Ntchito yonseyi imadya masabata atatu kapena anayi. Chizindikiro chimene ndimadikira ndi ndere: zikayamba kumera zobiriwira pa pulasitala, khomalo lafatsa.

Ngakhale pamenepo nsomba za mwini sizilowa. Ndimayamba ndaponyamo matemba ochepa kuti agonemo. Akadzuka akusambira pansi mwamtendere, osati kudzadzandira pamwamba akuyasamula, ndiye timayamba kusakaniza madzi. Nsomba zikafika kuchokera ku doko ndimazisiya m'madzi awo omwewo, n'kumathiramo kapu imodzi ya madzi a m'thanki, kudikira, kuthiranso, mpaka dzanja likaviikidwa uku ndi uku lisamve kusiyana, lilimenso chimodzimodzi. Madzi a pa mjigo ayambe agona usiku pa mbiya kapena m'diramu yotsegula. Kwa milamba ndimasiya khoma lotalika bwino pamwamba pa madzi n'kuphimba ndi ukonde, chifukwa usiku wa mvula imalumpha n'kuyenda ndi mimba mpaka kukapezeka kukhola la nkhuku.

Ntchito imene inandisangalatsa koposa inali ya nkhanu. Mwana wina wa kuno amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera pa tchuthi kudzera ku Mozambique, atanyamula kachidebe ka matope. "Bambo, mungandimangire pokhala tizilombo iti?" Nditasuzumira ndinaona tinkhanu tating'ono, tosafika kukula kwa bokosi la machesi, maso ali pa timitengo. Tatimuna tinali ndi dzanja limodzi lalikulu kuposa linzake kutalitali, ndipo tinkalikweza n'kulitsitsa mosalekeza, kuopseza tinzake ndi kuitana tatikazi. Kwawo ndi m'matope a m'mbali mwa nyanja yaikulu, monga cha ku Quelimane, kumene madzi a mtsinje amakumana ndi a m'nyanja, ndipo madziwo amabwera n'kubwerera kawiri pa tsiku. N'tosiyana kwambiri ndi nkhanu zathu za m'timitsinje ta ku Michesi, zimene zimakhala m'madzi okoma.

Mnyamatayo anali atawerenga zambiri pa foni, ine ndinali ndi manja, ndiye tinagwirizana. Thanki yake sinafune kuya. Tinkhanuti sitikhala m'madzi nthawi zonse, ndipo tikasowa pouma timafooka n'kufa. Ndinamanga yotambalala, n'kuunjika mchenga wosalala wosakaniza ndi matope pang'ono mbali imodzi, kutsetsereka mpaka m'madzi ofika m'chikhatho, mchengawo wokuya mokwanira kuti tikumbe mauna osagumuka. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi. Ife tinayeza magalamu 10 pa sikelo, kuti akhale a pakatikati. Mchere wa m'paketi wothira m'ndiwo ndinaukana, wa Chilwanso ndinaukana chifukwa cha soda. Mwamwayi iye anali atagula wa m'sitolo zogulitsa nsomba zoweta, umene uli ndi zonse za m'madzi a m'nyanja, kuphatikizapo zolimbitsa chigoba. Ndinamutsindikira mfundo imodzi imene aliyense wokulira m'mbali mwa Chilwa amaidziwa: madzi akaphwera ndi dzuwa, mchere sunapite kulikonse. Powonjezera azithira madzi okoma okha, apo ayi thanki idzawawa tsiku ndi tsiku mpaka tinkhanu tidzathe. Pamwamba tinaika chivundikiro cha sefa, poti timakwera chilichonse, ngakhale paipi.

Madzulo ake tinakhala pa njerwa n'kumaonerera. Kakakazi kankatapa matope ndi timanja tonse tiwiri, kupititsa kukamwa, kusefa chakudya, n'kulavula timibulu tating'ono ta mchenga mpaka pakhomo pa una wake panadzaza. Kakamuna kankadya ndi kadzanja kamodzi kokha, lalikulu lija lili phee pambali. Ndinawauza azibale ake osamalira kuti akadzaona chigoba chili gone pa mchenga asadzathamangire kunena kuti kafa, kamakhala kafundula, ndipo chigobacho achisiye kadzadye. Ndinawachenjezanso za chiperoni cha mu June ndi July, chifukwa ndi tizilombo ta kotentha, ndiye usiku thanki izifundidwa. Zoswana ndinamuuza mosabisa kuti asayembekezere, poti tiana take timakulira m'nyanja yaikulu momwemo tisanabwerere ku matope.

Ameneyo analipira mosanyinyirika, koma ndi mmodzi pa ambiri. Enawa ukawauza matumba a simenti ofunika, amagula operewera n'kumati, "Amisiri, mungopapatiza, inu ndi akatswiri." Ukawauza za mchenga wa mumtsinje amakutumizira ana ndi mchenga wa pamsewu. Simenti ikukwera mtengo mwezi ndi mwezi, koma iwo akufuna ntchito pa mtengo wa zaka zapitazo, ndipo malipiro ake amati tidzaonana akagulitsa nandolo. Nandolo akagulitsidwa foni yawo siipezekanso. Choipitsitsa n'chakuti masabata odikira aja sawawerengera ngati ntchito. Amaona ngati ndikungozungulira ndi burashi kuti ndidye nsima yawo, osadziwa kuti njinga ndapalasa kuchokera kutali kudzangoviika dzanja m'madzi.

Tsopano ndimanena poyambirira, pamaso pa mboni, mkazi wa mwini nyumba alipo: theka la ndalama tisanakumbe, lotsalalo tsiku limene matemba adzuke amoyo.  Amene wakana zimenezi ndimamulozera kwa anyamata a levulo yatsopano aja.